Kuchepetsa kanema wa ukwati nkhope osawonongeka

Achimwene, mwati kanema wa ukwati wa mphindi 45 wakwana 6GB, ndipo mutamuchepetsa kuti mutumizire abale ku Johannesburg, nkhope zangoti mbuu. Ndiyankheko, poti ntchito yojambula maukwati ndi imene ndimadyera.

Chimene chimalemeretsa fayilo kwenikweni ndi bitrate, kutanthauza data imene sekondi iliyonse ya kanema ikudya. Masamu ake ndi a ku pulayimale: bitrate ya mu Mbps (ma megabit pa sekondi) muchulukitse ndi masekondi, zomwe mwapezazo mugawe ndi 8, mupeza kukula kwa fayilo mu MB. Wanuyo ali ndi masekondi 2,700, ndiye kuti kamera inkajambula pafupifupi pa 18 Mbps. Mukatsitsa kufika pa 2 Mbps, fayilo ibwera pa 675MB, kuwonjezerapo 43MB ya mawu ngati mwawasunga mu mtundu wa AAC pa bitrate ya 128 kbps. Mawuwo musawaumire, ndi ochepa kale, ndipo agogo akufuna kumva kwaya bwinobwino.

Ikani HandBrake, pulogalamu yochepetsera kanema, pa kompyuta, ndi yaulere. Sankhani H.264, yomwe ndi njira yofinyira kanema, ndipo m'malo molamula bitrate, gwiritsani ntchito Constant Quality, pamene palembedwa RF. Yambirani pa 22. Nambala ikamakwera fayilo imachepa koma chithunzi chimafooka, ndipo mukawonjezera 6, fayilo imatsika pafupifupi ndi theka. Ubwino wa RF ndi woti imapereka data yambiri pamene pakufunika, n'kusunga pamene palibe chochitika.

Apa ndi pamene ambiri timagwa. Pulogalamuyi sisunga chithunzi chilichonse chathunthu, imangolemba zimene zasintha kuchokera pa chithunzi chapitacho. Abusa akamalalikira ataima pamodzi, khoma lakumbuyo silisuntha, ndiye ngakhale data yochepa imakwana. Koma ikafika nthawi ya perekaniperekani, azimayi a zitenje zamaluwamaluwa akudumpha, ndalama zikuuluka, wojambula nayenso mwendo ukumuyabwa, chilichonse chikusintha nthawi imodzi. Data ikachepa, mpamene timabokosi towononga chithunzi timatulukira pankhope ya mkwatibwi. Ine ndinaphunzira mowawa: ndinayesa pa gawo la m'tchalitchi, ndinaona zili bwino, ndinasiya laputopu ikugwira ntchito usiku wonse. M'mawa ndinapeza mbale ya ndalama ikuoneka ngati phala. Choncho pa Range sankhani Seconds, mudule mphindi imodzi ya pamene gule wafika pachimake, muyese pa RF 22, 24 ndi 26, kenako muonere pa foni, chifukwa abalewo akaonera pa foni.

Ngati munajambula madzulo mu holo ya magetsi ofooka, timadontho tonyerenyetsa ta mumdima tija timadyanso data kwambiri. Denoise (yochotsa timadonthoto) ya NLMeans pa Light imathandiza, koma mukaipitiriza anthu amaoneka ngati zidole.

Kunena zoona, kwa oonera pa foni ine ndimatsitsa kukula kwa chithunzi kufika pa 720p. Kuli bwino 720p yokhuta kusiyana ndi 1080p yanjala. Preset ikani pa Slow ngati magetsi alipo, imachedwa koma imalongedza bwino. H.265, njira yatsopano kuposa H.264, imachepetsa fayilo kuposa apa, kungoti mafoni akale ndi ma TV ena oonera pa fulashi amaikana, ndiye simukufuna kuti azakhali aziimba foni kuti kukungomveka mawu okha.

Potumiza pa WhatsApp musasankhe pa Gallery, chifukwa amakamufinyanso kachiwiri ndipo ntchito yanu yonse ipita m'madzi. Tumizani ngati Document, imalola mpaka 2GB ndipo fayilo imafika momwe ilili. Ingowachenjezani olandirawo kuti akonzeretu bandulo kapena adikire Wi-Fi.

Wa 6GB uja musamufufute. Mukafuna kuchepetsanso, muziyambira pa iyeyo, osati pa wochepetsa kale. Ndipo akakana kulowa mu fulashi chonsecho malo alimo, fulashiyo ili pa format ya FAT32, yomwe silandira fayilo yoposa 4GB. Sungani kaye zimene zilimo kwina, muipange format pa exFAT.