Apolisi anandiimitsa nditavala mahedifoni: kodi ndinalakwa?

FUNSO: Malume, ndili ku Leeds, kuno ku England, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira agogo m'makomo mwawo. Tsiku lonse ndimakhalira kuyendetsa galimoto, khomo ili khomo ilo, ndiye mpata wocheza ndi ana anga ku Ntcheu ndimaupeza ndili pamsewu. Sabata yatha apolisi anandiimitsa nditavala mahedifoni m'makutu monse. Anati ananditsata kwa kanthawi, sailini ikulira, ine osamva. Anaona laisensi, kundichenjeza, n'kundisiya. Mnzanga wina akuti ndapulumuka, wina akuti panalibe mlandu. Zoona n'ziti? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Achemwali, anzanu onse awiri ali ndi mfundo, koma ine ndili mbali ya amene akuti mwapulumuka.

Ku Britain kulibe lamulo lomwe limatchula mahedifoni n'kuwaletsa kwa woyendetsa galimoto. Kulankhula pafoni osaigwira m'manja n'kololedwanso. Mnzanu wachiwiri uja wathera pomwepo.

Chomwe sanakuuzeni n'chakuti wapolisi safunika lamulo la mahedifoni kuti akugwireni. Gawo 3 la Road Traffic Act ya 1988 likunena za kuyendetsa mosasamala kapena mosaganizira ena apamsewu, ndipo chilango chake chapompopompo ndi mapaundi 100 komanso mapointi 3 pa laisensi. Nkhani ikafika kukhoti, mapointi amatha kufika 9, mwinanso kukuletsani kuyendetsa kumene. Buku la malamulo apamsewu, Highway Code, pa lamulo 148 limachenjeza kuti nyimbo zokwera zimabisa phokoso lina, ndipo pa 219 limati woyendetsa aziona ndi kumvetsera ambulansi, ozimitsa moto ndi apolisi. Inu simunamve sailini ili kumbuyo kwanu kwenikweni. Umboni munawapatsa nokha, iwo anangosankha kukuchitirani chifundo.

Apa mpomwe mtima wanga wadumpha. Ikanakhala ambulansi yonyamula mmodzi mwa agogo omwe mumawasambitsa m'mawa aja, bwenzi ili kumbuyo kwanu ikusowa podutsa. Ndipo vuto si makutu okha ayi. Mwana akamakuuzani kuti fizi yatsala kapena agogo ake agonekedwa kuchipatala, maso amakhala pamsewu koma mutu uli ku Ntcheu.

Chenjeraninso ndi foni yeniyeniyo. Kungoigwira m'manja kuti muyankhe kapena musinthe nyimbo, ngakhale mutaima pamaloboti kapena pamzere wa magalimoto, ndi mapaundi 200 ndi mapointi 6. Lamuloli analikhwimitsa mu Malichi 2022. Ngati munakhoza mayeso oyendetsa komweko ndipo zaka ziwiri sizinathe, mapointi 6 ndi okwanira kuti laisensi ifufutidwe, mukayambirenso mayeso. Kwa munthu amene ntchito yake ili pa chiwongolero, kumeneko n'kutaya mkate wa anawo. Simunatchule laisensi yomwe muli nayo, koma ngati ndi ya ku Malawi, imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuyambira pomwe munakhazikika m'dzikomo.

Tsiku lina akadzakuimitsaninso, chitani izi. Apolisi a kumeneko kawirikawiri amabwera chakumbuyo, kuyatsa magetsi abuluu, n'kukulozerani kumanzere. Patsani sigino, imani pamalo abwino msanga, zimitsani injini. Kukana kuima ndi mlandu pawokha. Angakufunseni laisensi, pepala la inshuwalansi ndi la MOT, lomwe lili ngati COF kwathu kuno. Ngati mulibe pomwepo, amakupatsani masiku 7 kuti mukaonetse kupolisi. Yankhani mwaulemu, ndipo chomwe simunamve funsani kuti abwereze, Chingelezi cha ku Yorkshire chimathamanga. Mukaona kuti akupatsani chilango molakwika, musakangane nawo pamsewu, muli ndi ufulu wokakana kukhoti. Chonde chonde, za "ya fanta" musadzazitchule n'komwe. Ziphuphu ndi mlandu kulikonse, ndipo kumeneko kankhani ka mapaundi 100 kangasanduke mlandu woika pepala lanu lokhalira m'dziko pachiswe.

Musaganizenso kuti malamulo a ku England ndi a kulikonse. Mukangowoloka kupita ku France, kuyambira pa 1 Julaye 2015 kuvala chilichonse chotulutsa mawu kukhutu uku mukuyendetsa n'koletsedwa, kaya ndi khutu limodzi lokha, ndipo chindapusa ndi mayuro 135. Ngakhale wapanjinga yakapalasa lamuloli limamukhudza. Ku California, m'dziko la America, amaletsa kutseka makutu onse awiri koma limodzi amalola.

Za anawo ndikukumvetsani kwambiri, ndipo sindikuti muchepetse kucheza nawo. Mahedifoni ikani m'chikwama musanalize injini. Ngati galimoto ili ndi Bluetooth, igwiritseni pa mafoni achidule a kuntchito okha. Ana muziwaimbira mutaimika galimoto, injini itazima, musanagogode pakhomo lotsatira. Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri m'nyengo yanu yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, choncho mukapuma cha m'ma 2 koloko masana mudzawapeza ataweruka kale kusukulu.