Ayi achimwene, ku Guatemala sadya nsima

Mwafunsa ngati anthu a ku Guatemala, dziko la ku Central America, amadya nsima poti nawonso chakudya chawo chenicheni n'chimanga. Ayi ndithu. Iwo amawiritsa chimanga m'madzi a laimu, kuchisiya usiku wonse, kuchitsuka, kenako n'kuchipera chili chonyowa. Amayi amatapa pang'ono, n'kumaomba m'manja phaphapha mpaka kachimanga kaja kaphwatalale, n'kukawotcha pachiwaya chotchedwa comal. Ndiyo tortilla imeneyo, amadyera nyemba zakuda m'mawa ndi madzulo.

Laimuyo musamuderere. Amachotsa gaga komanso amathandiza thupi kupeza vitamini wa m'chimanga wotchedwa niacin, motero matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa vitamini ameneyu, sawavutitsa.

Ndiwo yomwe ine ndimaisirira ndi pepián: nkhuku yophikidwa mu msuzi wa nthanga za maungu ndi chitowe zokazinga n'kusinja, pamodzi ndi tomato ndi tsabola wouma. Kuganiza kwake n'kofanana ndi kutendera kwathu. Boma linaika pepián pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dzikolo mu 2007, limodzi ndi kak'ik, msuzi wofiira wa nkhukundembo wa anthu a mtundu wa Q'eqchi' a kumzinda wa Cobán.

Loweruka ambiri amagula tamales, zokulungidwa m'masamba ngati mkate wathu wa nthochi, koma mkati muli nyama.