Yankho kwa amalume: chithunzi chija cha ku Bamako

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu. Mwafunsa kuti chithunzi chija ndinaika pagulu pano, cha mayi wogona chammbali, anajambula ndani, ndipo bwanji azungu akuchipachika m'nyumba zoonetsera zaluso pomwe chikungofanana ndi zija tinkajambulitsa kusitudiyo. Eee, mwaona bwino, n'chakusitudiyodi.

Anajambula ndi Seydou Keïta, wa ku Bamako, ku Mali. Bambo ake anali kalipentala, iyenso anayamba ndi ukalipentala womwewo. Mu 1935 amalume ake pochokera ku Senegal anam'patsa kamera ya Kodak Brownie. Mukuona tsopano kuti amalume ndi anthu ofunika, hehe. Mu 1948 anatsegula situdiyo pakhomo pawo. Ankajambulira pabwalo, kudalira dzuwa, ndipo poti filimu inali yodula, kasitomala ankam'jambula kamodzi basi. Nsalu yoyamba yopachika kumbuyo inali yoyala pabedi pake. Analinso ndi katundu wobwereka makasitomala: wailesi, wotchi, magalasi, suti, njinga yamoto ya Vespa, mpaka galimoto yake. Mnyamata wopanda kanthu ankatuluka pachithunzi ali bwana, n'kuchitumiza kumudzi.

Koma katunduyo si nkhani kwenikweni, amalume, luso lake linali pokhazika munthu. Tachikulitsani pafoni chithunzicho. Onani mmene mkono wauikira, mmene mutu waupendeketsera pang'ono. Chovala chili ndi mizere yake, nsalu yakumbuyo ili ndi yakenso, zonse zikuchita phokoso, koma diso lanu likuthamangirabe pankhope. Zimenezo sizichitika mwangozi, ndipo kumbukirani kuti mwayi unali umodzi wokha.

Za kutchukazo zinabwera mochedwa kwambiri. Mu 1962 anayamba kujambulira boma la Mali, n'kupuma mu 1977. Mu 1991 zithunzi zake zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lake n'komwe, anangolemba kuti wojambula wosadziwika. Kenako André Magnin, katswiri wa zaluso wa ku France, anapita ku Bamako kukam'funafuna, ndipo wojambula mnzake Malick Sidibé ndi amene anazindikira kuti izi ndi za Keïta. Anam'peza atasunga manegetivi masauzande. Popanda amenewo sibwenzi tikumudziwa, chifukwa zithunzi zenizenizo zinali timapepala tating'ono tomwe eni ake anapita nato kwawo. Manegetivi aja anawatsukanso, zithunzi n'kutuluka zikuluzikulu, ndipo mu 1994 anamuonetsera payekha ku Fondation Cartier, nyumba yoonetsera zaluso ku Paris, ali ndi zaka zoposa 70.

Anamwalira mu 2001 ku Paris komweko, ndipo mkangano wa amene ayenera kusunga manegetivi ena unafika mpaka kukhoti. Kwa ine chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri a pazithunzizo mayina awo sanalembedwe, ngakhale mayi mwafunsayo.

Basi, ndasiyira pomwepa, foni ikutha moto. Mupereke moni kwa onse kunyumba.