Kachotupa kofiira pa nkhama kamene sikasiya kutuluka magazi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi umodzi. Akuti pakati pa mano awiri akutsogolo, cha kumwamba, pamera kanyama kofiira ngati kamphesa. Kanayamba ngati kadontho, koma m'masabata atatu kakula mpaka kufika msinkhu wa nsawawa. Akangokagunda ndi mswachi kapena akaluma chimanga chowotcha, magazi ali chuchuchu. Apongozi awo akuti akamange ndi ulusi kuti kafote, pomwe mnzawo wawaopseza kuti imeneyo ndi khansa. Funso lawo: "Kodi nditani?"

Mayi, ulusiwo ubwezereni m'bokosi la singano. Njira imeneyo anthu amachitira tinyama tina tolendewera pakhungu, koma kanthu kamene mwafotokozaka ndi mtolo wa timitsempha ta magazi. Mukakamanga kapena kukadula ndi lezala, mudzatha usiku wonse mukulavula magazi, ndipo kadzameranso chifukwa muzu wake uli pansi.

Kuchokera pa zomwe mwalemba, zikufanana kwambiri ndi chimene madokotala amachitcha pyogenic granuloma. Dzinali ndi lonamiza. Limatanthauza chotupa chobala mafinya, chikhalirecho mulibe mafinya ndipo si kachilombo kamene kamayambitsa. Madokotala awiri a ku France, Poncet ndi Dor, atachifotokoza mu 1897 ankaganiza kuti ndi matenda opatsirana, ndipo dzina lolakwikalo, lomwe linabwera mu 1904, linangokhazikika. Chimene chimachitika n'chakuti timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timachulukana mopitirira muyeso pamalo pamene pavulala pang'ono. Thupi limayamba ntchito yopoletsa bala, kenaka limaiwala kuleka. Khungu lophimba pamwamba pake ndi lopyapyala kwambiri, n'chifukwa chake kukhudza pang'ono chabe kumatulutsa magazi ochuluka kuposa msinkhu wa kachotupako.

Nanga bwanji kabwera tsopano? Mahomoni a pathupi, timadzi ta m'thupi timene timachuluka mayi akakhala woyembekezera, amafewetsa nkhama ndi kuchulukitsa magazi oyenda m'menemo. Litsiro louma lomwe limamatirira m'munsi mwa mano likamakanda nkhama zofewazo tsiku ndi tsiku, kachotupa kamapeza poyambira. Mwa amayi oyembekezera 100, osapitirira asanu ndiwo amakumana nazo, kawirikawiri mwezi wachitatu ukadutsa. Mwana amene ali m'mimbayo sizimukhudza n'komwe.

Si amayi oyembekezera okha ayi. Ana ndi achinyamata zimawamera pa chala pamene analasidwa ndi minga, pa mlomo, pa tsaya, m'mphuno, kapena m'mbali mwa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi chikamalowa m'mnofu. Mankhwala enanso amayambitsa, monga isotretinoin wa ziphuphu ndi indinavir, amene anali m'gulu la ma ARV akale.

Chosangalatsa kwa inu n'chakuti zambiri mwa zotupa za pathupi zimafota zokha mayi akachira, mahomoni akabwerera m'malo mwake. Choncho dokotala wa mano nthawi zambiri amayamba ndi kupala litsiro loumalo, n'kukuuzani kuti mudikire. Cholakwa chimene ambiri amachita n'kusiya kutsuka mano mbali imeneyo poopa magazi. Pamenepo ndiye mukukadyetsa kachotupako. Gulani mswachi wofewa, tsukani modekha kawiri pa tsiku, muzichukucha ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Magazi akayamba, panikizani ndi kansalu koyera konyowa kwa mphindi 10 kapena 15 osasuzumira. Kusuzumirako n'kumene kumachotsa magazi amene ayamba kuundana.

Ngati kakukulepheretsani kudya, kapena magazi akutuluka tsiku lililonse, madokotala sayembekezera kuti muchire. Amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kukadula mpaka pa muzu, n'kupala pansi pake. Dziwani chabe kuti kakachotsedwa muli ndi pakati kamakonda kubwereranso. Pakhungu ntchito yake ndi yofanana: kudula kapena kupala, kenaka kuwotcha tsinde ndi kachipangizo ka magetsi kapena ndi mankhwala otchedwa silver nitrate ngati kali kakang'ono.

Tsopano za mnzanu uja. Iye wathamangira kunena khansa, ndipo mwayi waukulu ndi wakuti walakwitsa, koma sindimunyoza. Kuno kwathu khansa yotchedwa Kaposi sarcoma ndi imodzi mwa zofala kwambiri, makamaka kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV, ndipo nayonso imachokera m'mitsempha ya magazi. Imakonda m'kamwa, makamaka kumwamba kumene lilime limagunda, komanso miyendo. Nthawi zambiri imakhala yakuderako, yofiirira mopita ku mtundu wa biringanya, mawanga ake angapo, ndipo miyendo imatha kutupa. Palinso khansa ya pakhungu, melanoma, yomwe nthawi zina imabwera yofiira osati yakuda, makamaka pansi pa phazi. Ndi maso okha ngakhale dokotala akhoza kusokoneza. N'chifukwa chake kanyama kodulidwako kayenera kupita kukayezedwa ku labotale, osati kutayidwa m'bini. Akakuchotsani kachotupako, funsani mosachita manyazi: "Kodi katumizidwa kokayeza?"

Ena owerenga afunsa ngati n'chimodzimodzi ndi chotupa chofiira chimene chimamera pa khanda masabata oyambirira. Ndi pachibale, koma n'zosiyana. Chimenecho ndi hemangioma: chimakula kwa miyezi ingapo kenaka n'kumazilala chokha m'zaka zotsatira. Chikakhala pafupi ndi diso, mphuno kapena mlomo madokotala amapereka propranolol, mankhwala a mtima amene madokotala a mumzinda wa Bordeaux ku France anatulukira mwangozi kuti amafotetsa zotupazi, n'kulengeza mu 2008.

Inu mayi, musadikire tsiku la sikelo ngati lili kutali. Pitani sabata ino, muonetse anamwino, muwapemphe akutumizeni kwa dokotala wa mano. Muwauzenso kuti mwakhala mukutaya magazi kwa masabata atatu, kuti akuyezeni ngati magazi sanachepe m'thupi. Apongozi muwatenge ngati angalole, akadzimvere okha za ulusi uja.