Mtengo wanu unali wotsika koma tenda yapita kwa ena: yambirani apa

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lizulu. Ali ndi kampani yaing'ono yosesa, kukolopa ndi kutchetcha udzu, ndipo anaponya nawo tenda ku ofesi ina ya boma. Tsiku lotsegula maenvulopu analipo, anamva ndi makutu awo kuti mtengo wawo ndiwo unali wotsika pa onse. Sabata yatha aona chidziwitso choti ofesiyo ikufuna kupereka ntchitoyo kwa kampani ina yomwe inatchula ndalama zambiri. Funso lawo ndi ili: "Ndikadandaule kuti? Nanga ndikadandaula, sandida mpaka kalekale?"

Mayi, pepani. Ndikudziwa ndalama ndi tulo zomwe mwataya: kugula chikalata cha tenda, kufotokopa, maulendo a pa minibasi mu M1, kusiya ana m'mawa kukadali chisanu cha ku Lizulu chija. Koma musakhale pansi n'kumalira, chifukwa mdani wanu wamkulu panopa ndi kalendala.

Lamulo logulira katundu ndi ntchito za boma la 2017 (lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2025), lomwe lidakhazikitsa PPDA, bungwe loyang'anira matenda a boma, m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP, lidaika masiku 14 oti chidziwitso chofuna kupereka kontrakiti chikhale poyera anthu asanasainirane. Masiku amenewo adawaikira anthu ngati inu. Mwati mwaona chidziwitsocho sabata yatha, ndiye kuti masiku ena apita kale. Onani tsiku lomwe lalembedwa pachidziwitsocho, muonenso ndime ya madandaulo m'chikalata cha tenda chomwe munagula, muwerenge masiku lero lomwe. Akangosainirana, nkhani imalimba kwambiri.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chowawa. Kutsika mtengo pakokha sikupambanitsa munthu. Mitengo yomwe amawerenga mokweza patsiku lotsegula ija ndi chiyambi chabe. Akalowa m'chipinda, owunika amayamba ndi mapepala: setifiketi ya kampani ya kwa Registrar General, setifiketi ya PPDA, tax clearance ya ku MRA (kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino), fomu ya tenda yosainidwa, chikole ngati anachifuna. Pepala limodzi likasowa kapena likakhala lotha ntchito, envulopu yanu imaikidwa pambali, mtengo wanu saupimanso n'komwe. Otsalawo ndiwo amawaona ngati ali ndi zipangizo, antchito ndi umboni woti adagwirapo ntchito yotere. Pomaliza penipeni m'pamene amafananitsa mitengo, ndipo amatenga wotsika pakati pa okhawo amene adutsa monsemo.

Ineyo zidandionekera. Ndidaponya tenda yoperekera nkhuni ndi ndiwo zamasamba pamalo ena kuno ku Dedza, ndipo nditalephera ndidatha mwezi ndikuuza aliyense kuti andibera. Nditafunsa bwino ndidapeza kuti tax clearance yanga idatha ntchito kutatsala masiku ochepa kuti atseke tenda. Zidandipweteka, koma palibe amene adandibera. Sindikunena kuti inunso mudalakwitsa, ayi. Katangale aliko ndipo tonse tikumudziwa. Ndikungoti musanaloze munthu chala, dziwani kaye pomwe envulopu yanu inagwera.

N'chifukwa chake kalata yoyamba isakhale yokalipa. Lemberani mkulu wa ofesiyo (ngati ndi kukhonsolo, ameneyo ndi bwanamkubwa, a DC), mutchule nambala ya tenda ndi dzina la kampani yanu, mupemphe kuti akuuzeni molemba chifukwa chomwe tenda yanu inakanidwira komanso gawo lomwe inagwera. Uku si kupempha chifundo. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu ali ndi ufulu wopatsidwa zifukwa molemba pamene chiganizo cha ofesi ya boma chamukhudza. Kalatayo mukapereke nokha pamanja, mutenge makope awiri, ina akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nayo. Zoyankhulana pafoni ndi "wina wake wa mkati" zisiyeni. Mawu a pafoni alibe chidindo, ndipo mawa mwini wake adzawakana.

Yankho likabwera, liikeni pambali pa chikalata cha tenda muwerenge mzere ndi mzere. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Owunika saloledwa kugwiritsa ntchito muyeso womwe sunalembedwe m'chikalatacho. Akati mulibe galimoto pomwe chikalata sichinatchule za galimoto, muli ndi mlandu wogwirika. Akati simunaike pepala lakuti pomwe kope yanu ikuonetsa kuti lilimo, mulinso ndi mlandu. Akati simunagwirepo ntchito yotere pomwe munaikamo makalata a komwe mudagwira, lozani tsamba lake. Dandaulo lamphamvu limati "ndime yakuti ikunena izi, inu mwachita izi". Loti "ndine mayi wovutika, ndili ndi ana" ndi loona ndithu, ndipo limandikhudza, koma komiti ilibe polilemba.

Ndikhulupirira munasunga kope ya zonse zomwe munaika mu envulopu. Owerenga ena, chonde, musamaponye tenda opanda kusunga kope.

Akachedwa kuyankha, musadikire mpaka masiku athe. Perekani dandaulo lenileni kwa mkulu wa ofesi yemweyo nthawi isanadutse, munene kuti zifukwa munapempha tsiku lakuti ndipo sizinabwere. Akakukanirani kapena akangokhala chete, pitani nalo ku PPDA ku Lilongwe, komwe nkhani yotere imaunikidwa ndi anthu omwe sali a ofesi ija. Kupitirira apo ndi ku High Court, koma kumeneko mufunika loya, ndipo muyambe mwawerengera ngati phindu la kontrakitiyo lingabweze ndalamazo. Ngati pali amene anakuuzani kuti "mutiganizireko" kapena anatchula peresenti, imeneyo ndi nkhani ina, ya ACB, bungwe lolimbana ndi katangale, ndipo musaisakanize m'kalata ya dandaulo pokhapokha muli ndi umboni m'manja.

Dziwaninso kuti kupambana dandaulo sikutanthauza kuti ntchito yabwera kwa inu. Angathe kulamula kuti aunikenso, kapena kuti tenda iyambirenso. Komabe mumabwerera mumpikisano.

Za kudedwa zija, sindikunamizani: anthu ndi anthu, wina akhoza kukuyang'anani ndi diso lofiira mukakumana pamsika wa Ntcheu. Koma ofesi ilibe mphamvu yokuletsani kuponya tenda chifukwa munadandaula. Kuletsa kampani kuli ndi njira yake ku PPDA, ndipo ndi kwa olakwira malamulo. M'mene ndaonera ine, munthu wolemba mwaulemu, wotchula ndime, wosunga makope, amayamba kumusamala. Envulopu yake saitaya mwachisawawa, podziwa kuti abwera kudzafunsa.

Mayi, mawa m'mawa kwerani minibasi ndi makalata awiri aja. Akakuyankhani, nditumizireni yankholo pamodzi ndi masamba a chikalata omwe akunena za kaunikidwe, tidzawerengere limodzi.