Ulendo wa ku Sabie: mlamu wanga tinamutsitsa m'nkhalango pa chitenje

Achemwali, R1,400 imene akukuuzani kuti mutumize kuti mukaone mathithi a ku Sabie, kuno ku South Africa, ndi kukasamba madzi otentha a ku eManzana Loweruka ndi Lamlungu, musaitumize kaye. Ine ndinalipira ulendo wonga womwewo m'mwezi wa Febuluwale chaka chatha, ndipo mpaka lero mlamu wanga akuyenda motsimphina.

Tinalipo anthu 14 m'minibasi ya Quantum, ambiri tinali amayi a mpingo umodzi kuno ku Rosettenville, ku Joni, ndipo bambo amene anakonza ulendowo tinkawakhulupirira chifukwa tinkapemphera nawo limodzi. Anatiuza kuti tinyamuka 4 koloko m'bandakucha. Tinanyamuka 8 koloko itadutsa, chifukwa iwo anali kudikira anzawo awiri amene sanalipire ngakhale randi imodzi. Kuchokera kuno ku Joni kukafika ku Sabie ndi makilomita oposa 350, ndipo munthu akayenda bwino pa N12 ndi N4 kudutsa eMalahleni amatenga maola anayi ndi theka. Titafika pa geti lolipira la ku Middelburg, bambo aja anatembenuka n'kutiuza kuti tisonkhenso, pamene pa uthenga wa pa WhatsApp analemba kuti zonse zili m'mtengo womwewo. Pofuna kuzemba geti lachiwiri la Machado, dalaivala anakhotera ku Belfast, tinadutsa Dullstroom ndi Lydenburg mumsewu wa maenje, kenako tinakwera Long Tom Pass, imene pamwamba pake ndi mamita oposa 2,100. Nkhungu inali itatseka ngati ya chiperoni, moti dalaivala ankayenda pang'onopang'ono atatsegula zenera. Ku Sabie tinafika cha m'ma 3 koloko masana, tisanadye kanthu kuyambira m'mawa.

Munthu wanzeru akanatitengera ku Lone Creek, kumene msewu ndi wabwino ndipo kuchokera poimika galimoto kukafika pa mathithi a mamita 68 aja ndi mphindi zochepa chabe. Iwo anasankha Bridal Veil, ati chifukwa zithunzi zake zimakongola. Msewu wopita kumeneko ndi wafumbi, umadutsa m'minda ya paini, ndipo dalaivala ataona matope anakana kupitiriza. Anatitsitsa panjira. Bambo aja anati iwo atsagana ndi dalaivala kukathira mafuta ndi kukaona malo ogona, ndipo adzatipeza pomwepo pakatha ola limodzi. Anatenga anzawo awiri aja, amene anali amuna okhawo amphamvu m'gulu lathu, n'kutisiya amayi 10 ndi mnyamata mmodzi wa zaka 16.

Ine ndinakulira ku Mulanje, ku Likhubula ndapitako kosawerengeka, choncho mitambo ya m'phiri ndimaidziwa. Nditaona kumadzulo kwada ndinauza anzanga kuti tibwerere, koma munthu amene walipira ndalama zochuluka chotero n'kukhala pampando maola asanu ndi awiri samva za kubwerera ali pafupi ndi chimene wadzera. Tinalowa m'nkhalango. Kuchokera poimika magalimoto njira yake siikwana kilomita imodzi, koma imakwera, ili ndi mizu ndi miyala yandere, ndipo chakumapeto nthunzi ya mathithi imanyowetsa ponse ngakhale kulibe mvula. Mathithiwo tinawaonadi, madzi ake amagwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 70 n'kumwazika ngati nsalu yopyapyala, ndipo sindinama, ndi okongola. Tinakhalapo mphindi zosakwana khumi.

Mvula inabwera ndi mabingu nthawi imodzi. Njira imene tinakwerera inasanduka kamtsinje ka madzi ofiira. Mlamu wanga anali atavala nsapato za pulasitiki zimene timavala posamba, chifukwa bambo aja analemba kuti tidzangoyenda pang'ono kenako tikalowa m'madzi otentha. Anaponda muzu, phazi linalowa pakati pa miyala iwiri, thupi lonse linagwera kumbali. Phokoso la fupa ndinalimva ngakhale kunkagunda mabingu, ndipo ndimalimvabe ndikatseka maso. Sanalire msanga. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, ntchito yanga.” Phazi linali litayang'ana kumene siliyenera kuyang'ana, ndipo pa kakolo panatupa tikuona.

Ndinatulutsa foni, netiweki panalibe. Mnyamata uja anathamanga kutsika kukafuna pogwira netiweki, anaimbira bambo aja kasanu ndi kawiri, foni inkangoitana. Ife tinathyola timitengo tiwiri, tinamanga mwendo ndi mpango wa kumutu, kenako tinamugoneka pa chitenje chimene tinachipinda pawiri, anayi n'kugwira m'makona. Aliyense amene ananyamulapo wodwala kumudzi akudziwa kuti chitenje chikanyowa chimapulumuka m'manja, ndipo aliyense wa ife akaterereka, mlamu wanga ankakuwa mpaka mawu anamuthera. Mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene ali ndi matenda a shuga, anayamba kunjenjemera chifukwa cha njala ndi kuzizira, ndiye tinali ndi odwala awiri. Mtunda umene pokwera tinayenda mphindi 25, potsika unatitengera pafupifupi maola awiri, ndipo mdima unatipeza tikuunikira ndi matochi a m'mafoni amene batire yake inali kutha. Titafika pamsewu, minibasi panalibe.

Amene anatipulumutsa ndi anthu ogwira ntchito m'minda ya mitengo amene ankadutsa pa bake. Sitinkamvana bwino chilankhulo, koma ataona mwendo sanafunse zambiri, anayala masaka kumbuyo n'kutitengera ku chipatala cha boma cha ku Sabie. Mlamu wanga ankaopa kulowa chifukwa cha nkhani ya mapepala okhalira m'dziko muno imene tonsefe tikuidziwa, koma anamulandira, anamujambula, n'kumuika chikhakha. Mafupa awiri anali atathyoka.

Bambo aja anatulukira 9 koloko usiku akununkha mowa. Mawu awo oyamba sanali ofunsa za wodwala, anatifunsa chifukwa chimene tinachokera pamalo pamene anatisiya. Malo ogona amene tinalipira kunalibe, anali asanasungitse chipinda ngakhale chimodzi, ndipo tinagona m'minibasi ndi zovala zonyowa. M'mawa wa Lamlungu anati ku eManzana sitipitanso chifukwa mafuta achepa. Ndalama zathu sanabweze. Nditawafunsa pamaso pa akuluakulu a mpingo anati ngozi ndi ngozi, ndipo ine ndikufuna kuwaipitsira mbiri. Mlamu wanga ankagwira ntchito ya pakhomo ku Randburg, anakhala ndi chikhakha masabata asanu ndi atatu, abwana ake anapeza munthu wina, ndipo ana ake awiri ku Thyolo anakhala temu yonse osalipiridwa fizi. Bambowo sanabwere kudzamuzonda ngakhale tsiku limodzi, koma Lamlungu lililonse amaima kutsogolo ndi kuimba mokweza kuposa tonse. Mtima wanga umawawa ndikawaona, ndipo sindibisa.

Chimene ndinadzadziwa pambuyo pake n'chakuti ulendowo unali wosatheka kuchokera pachiyambi. Sabie ndi eManzana, kumene kale kunkatchedwa Badplaas, si malo oyandikana, pakati pake pali ulendo wa maola oposa awiri kudzera ku Mbombela. Komanso amene akukulonjezani kasupe wotentha wa m'nkhalango afunseni bwino. Musaganize za Mawira a ku Nkhotakota, kumene madzi amangotumphuka pansi anthu n'kumasamba ndi kuchapa. Ku eManzana madzi amatuluka akutentha pafupifupi madigiri 50, koma anawakokera m'madamu osambira a malo achisangalalo otchingidwa ndi mpanda, ndipo pa geti mumalipira. Ku Bela-Bela, pa N1 kupitirira Pretoria, n'chimodzimodzi. Ngati chimene mukufuna ndi kuviika thupi m'madzi otentha, Bela-Bela ndi maola awiri okha kuchokera kuno, mukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ngati mukufuna kungoona mathithi ndi ana, a Witpoortjie ali pompano ku Roodepoort, m'munda wa Walter Sisulu, ndipo njira yake ndi yosalala.

Komabe ku Sabie pitaniko, achemwali, ndipo mupite nyengo ya mvula yomweyi, chifukwa m'chilimwe madzi amachepa ndipo mudzadandaula ndalama zanu. Ine ndinabwererako ndi amuna anga m'mwezi wa Disembala, tinagona Lachisanu, ndipo 8 koloko m'mawa tinali kale pa Lone Creek. Tinapitirira pa msewu wa R532 kukaona Mac Mac, mathithi a mamita 65 amene anthu okumba golide anawagawa pawiri ndi mabomba ophwanyira miyala, kenako Lisbon kupitirira Graskop, amene ndi aatali kuposa mamita 90. Mvula ya kumeneko imakonda kugwa masana, choncho pofika 1 koloko muzikhala mutatuluka m'nkhalango. Valani nsapato zotseka zokhala ndi mapazi ogwira, tengani jekete, chakudya, madzi ndi pasipoti yanu, ndipo sungani nambala ya 112 imene imaimbika pa foni iliyonse ya m'manja.

Nokha musapite. Ndi bwino kupita pagulu ndi munthu amene akuidziwa njira, ngakhale mumulipire zochulukirapo, chifukwa kubwereka galimoto kumadula ndipo ambiri a ife tilibe ziphaso zoyendetsera za kuno. Koma akuonetseni kaye umboni wakuti malo ogona analipira, akuuzeni dzina la malowo muimbeko nokha, ndipo dalaivala akuonetseni PrDP yake, chiphaso chomulola kuyendetsa galimoto yonyamula anthu. Theka la ndalama mupereke mutakwera galimoto. Dzina la bambo aja sindilemba pano, koma ngati amene akukonza ulendo wanuwo amanyamulira anthu ku Rosettenville, ndilembereni ku inbox musanatumize kalikonse.