Tikiti yaulereyo ndi ngongole

Achemwali, mwafunsa ngati mungamulole mng'ono wanu kukagwira ntchito yapakhomo ku Dubai, poti ejenti wati alipira pasipoti, viza ndi tikiti, mwanayo adzabweza akayamba kulandira. Dekhani kaye. Pamene pakundiopsa ine ndi pomwepo pakuti "alipira zonse".

Ndalama imeneyo nthawi zambiri si ya ejenti. Amatulutsa ndi bwana wakumeneko, ndipo akatulutsa amaona ngati mtsikanayo wamugula. Ntchito ikafika powawa, kugona pakati pausiku n'kudzuka kusanache, malipiro osaoneka, foni atalanda, mwana akati ndikufuna kwathu, amamuyankha kuti bweza kaye zanga. Kwa atsikana athu amene anatsekeredwa ku Oman, mabwana ena ankafuna madola 2,500 kuti awamasule. Banja lodalira chimanga cha kumunda liitenga kuti ndalama yotere? Ndiye mwana amangokhalabe, akugwirira ngongole yosatha.

Musadalirenso dzina la Dubai. Ena mwa atsikanawo anauzidwa zomwezo, n'kudzapezeka ali ku Muscat, likulu la dziko la Oman.

Kumeneko kuli dongosolo lotchedwa kafala: viza ya wantchito imamangidwa pa dzina la bwana. Ukachoka pakhomo iye asanalole, amakakunenera kupolisi kuti wathawa, wolakwa n'kukhala iweyo amene umamenyedwa. Pasipoti ambiri amalanda tsiku lofika, ngakhale malamulo a Oman amaletsa zimenezo.

Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 otsekeredwa ku Oman amene anapezana pagulu la WhatsApp lomwe anayambitsa a Pililani Mombe Nyoni ali ku America. Bungwe la Do Bold, lothandiza anthu ogwira ntchito kunja kwa maiko awo, ndilo linkakambirana ndi mabwanawo, ndipo boma lathu linawononga madola oposa 160,000 kuti amayi 54 abwerere kumudzi. Wina anafera ku Oman komweko. Onsewa ananyamuka ndi chimwemwe ngati cha mng'ono wanuyu.

Sindikuti aliyense wopita kunja amazunzika, alipo amene amanga nyumba. Koma muuzeni ejentiyo akupatseni kontrakiti yolembedwa, yoonetsa dzina la bwana, dziko, malipiro ndi amene adzalipire tikiti yobwerera. Muonenso vizayo ndi maso anu, ngati ili ya ntchito kapena yongokacheza. Kenako mupite nazo ku Unduna wa Zantchito mukafunse ngati munthuyo amamudziwa. Akayamba kukufulumizitsani kuti malo akutha, kapena kunena kuti pabwalo la ndege mwanayo akaname kuti akukaona achibale, pitani kupolisi. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015.